John Chilembwe ndi Thangata: Zimene Akhristu a m'Minda ya Tiyi Ayenera Kudziwa

Chaka chilichonse pa 15 Januwale dziko lathu limapuma pokumbukira Mbusa John Chilembwe. Nkhope yake timayidziwa tonse, pakuti ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2000, ndipo mayi wothyola tiyi ku Thyolo akalandira malipiro ake, nkhope yomweyo ndiyo amamanga pa mfundo ya chitenje. Komabe tikafunsa m'miphakati kuti munthuyu ankamenyera chiyani, ambiri amangoyankha kuti anamenyana ndi azungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Pakati pa makatekisiti pamabuka funso lina lolemerapo: kodi n'koyenera kuti ife Akatolika tizilemekeza munthu amene sanali wa mpingo wathu, amenenso anthu ake anatentha mishoni yathu ya Nguludi ndi kuvulaza wansembe? Funsoli si lachibwana, ndipo sitikufuna kuliyankha mothamanga. Tiyambe ndi kufotokoza za munthuyo ndi nyengo yake.

Tinene poyambirira kuti Chilembwe sanali wa ku Thyolo. Anabadwira m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871, bambo ake anali Myao ndipo mayi ake anali Mmang'anja. Pa nthawi ya kuukira kwake mu 1915, tiyi ku Thyolo anali asanafalikire monga tikumuonera lero. Mbewu zimene zinkavutitsa anthu ku Magomero zinali thonje ndi fodya. Koma goli limene iye analimbana nalo, ndilo ntchito ya thangata, linadzakhazikika kwambiri kuno ku mapiri a tiyi, ndipo linakhalitsa zaka zoposa makumi anayi iye atamwalira. N'chifukwa chake tikuti mbiri ya Chilembwe ndi mbirinso ya agogo athu a ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi ku Makwasa.

Kuchokera ku Chiradzulu mpaka ku Lynchburg

Mu 1892 kunafika m'dziko muno mmishonale wa Chingerezi dzina lake Joseph Booth, amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi pafupi ndi Blantyre. Chilembwe analowa ntchito m'nyumba mwake, nakhala womasulira mawu ndi wosamalira ana ake, ndipo anabatizidwa mu 1893. Booth anali munthu wosakhazikika, woyambitsa mishoni uku n'kusamukira kwina, koma pa chinthu chimodzi sankasunthika: ankanena poyera kuti nthaka ya Africa ndi ya anthu akuda, ndipo mu 1897 anasindikiza kabuku kotchedwa Africa for the African. Anthu a ku Thyolo ayenera kumudziwa Booth, chifukwa malo amene lero ndi Malamulo, pafupi ndi Makwasa, anayamba ngati mishoni yake yotchedwa Plainfield asanaperekedwe kwa a Seventh-day Adventist mu 1902.

M'chaka chomwecho cha 1897 Booth anamutenga Chilembwe kupita naye ku America. Kumeneko anthu akuda a mpingo wa National Baptist Convention anamulandira namulipirira maphunziro pa seminale ya ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Tiganizire zimene mnyamata wa ku Chiradzulu anakaona. Ukapolo unali utathetsedwa mu 1865, koma mu 1896 khoti lalikulu la dzikolo linali litangovomereza kuti akuda ndi azungu azisiyanitsidwa m'sitima ndi m'malo ena. Anaona anthu akuda akunyozedwa, komanso anaona anthu akuda omwewo ali ndi makoleji awoawo, nyuzipepala zawozawo ndi abusa awoawo, osadikira chilolezo cha mzungu. Anamva za Booker T. Washington, amene ankaphunzitsa kuti munthu wakuda adzikweze ndi maphunziro ndi luso la manja. Anamvanso za John Brown, mzungu amene anatenga zida mu 1859 pofuna kumasula akapolo ndipo ananyongedwa. Njira ziwiri zimenezi, ya sukulu ndi ya mfuti, anabwera nazo zonse mumtima, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi anayenda m'njira yoyambayo.

Anabwerera kwawo mu 1900 ali mbusa wodzozedwa, nagula malo ku Mbombwe, nayambitsa Providence Industrial Mission, imene tonse timaitchula kuti PIM. Anthu akuda awiri a ku America, Mbusa Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLaney, anabwera kudzamuthandiza kwa zaka zingapo. Anatsegula sukulu m'midzi, ndipo pofika 1912 ophunzira, ana ndi akuluakulu omwe, anali ataposa chikwi. Mkazi wake Ida ankaphunzitsa amayi kusoka ndi kusamalira pakhomo. Chilembwe ankadana ndi mowa, ankalimbikitsa ukhondo ndi kuvala bwino, ndipo anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatha cha m'ma 1913. Ena amamuseka chifukwa cha suti ndi chipewa chimene amaoneka nacho pa zithunzi, amati ankafuna kukhala mzungu. Iwo saidziwa nyengo imeneyo. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu pa msewu ankayenera kuvula chipewa, ndipo wozengereza ankakalipiridwa kapena kumenyedwa kumene. Kuvala chipewa osachivula kunali ulaliki wopanda mawu wonena kuti nayenso analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

Mmene nthaka inachokera m'manja mwa eni ake

Kuti timvetse mkwiyo wa 1915 tiyenera kubwerera ku 1891. Mwezi wa Meyi chaka chimenecho Britain analengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Mwezi womwewo, pa 15 Meyi, Papa Leo XIII anatulutsa kalata yake ya Rerum Novarum, yophunzitsa kuti wantchito ayenera kulandira malipiro okwanira kusunga moyo wake mwaulemu, ndi kuti pangano limene munthu walivomera chifukwa cha njala kapena mantha silisanduka lachilungamo pongoti iye wavomera. Ku Roma kunkalembedwa zimenezo pamene kuno kunkayalidwa maziko a zosiyana nazo.

Azungu angapo ndi makampani anali atayamba kale kutenga malo aakulu kumapiri a Shire, akumapatsa mafumu nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mwa mwambo wathu mfumu ndi msungi wa nthaka, osati mwini wake woti angaigulitse, choncho mafumu ambiri ankayesa kuti akungobwereketsa malo kwa mlendo monga mwa chizolowezi. Harry Johnston, woimira boma la Britain, anavomereza zambiri mwa zogulagulazi napereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Chigawo chachikulu cha Thyolo chinagwera m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company, imene inatenga malo a Eugene Sharrer. M'zikalata zambiri munali mawu oteteza midzi imene inalipo kale kuti isasokonezedwe, koma chitetezo chimenechi chinali cha pa pepala. Makolo athu ankasuntha minda nthaka ikaguga, ndipo akangosuntha, mwini esiteti ankati ufulu uja watha.

Kenaka kunabwera Alhomwe. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mabanja ambiri ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, ndipo njala ya 1912 ndi 1913 inawonjezera chiwerengero chawo. Iwo analibe mudzi wakale woti alozepo, choncho mawu oteteza aja sankawakhudza. Mwini esiteti ankawapatsa malo omanga ndi kamunda, koma pa mtengo wake. Mtengowo ndiwo thangata.

Liwu limeneli linali labwino lisanaipitsidwe. Kuthangata ndi kuthandiza, monga achitira anansi pogwirizana kulima munda wa mnzawo kapena wa mfumu, n'kumwera limodzi thobwa ntchito ikatha. Pa esiteti linasanduka lendi yolipira ndi thukuta. Mwa pangano, mwamuna ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba umene boma linkafuna. Koma mwezi wa pa esiteti sunali wa pa kalendala. Unkawerengedwa ndi matikiti, ndipo kapitawo akaona kuti ndime ya tsikulo sinathe, tsikulo silinkalembedwa. Mwa njira imeneyi miyezi iwiri inkatha kufika inayi kapena isanu. Choipitsitsa chinali chakuti ntchitoyi inkafunidwa nyengo ya dzinja, pamene munthu ayenera kubzala ndi kupalira munda wake. Amene walimapo akudziwa kuti munda wosapaliridwa mu Disembala ndi mu Januwale ndi njala ya chaka chonse. Wokana ankamugwetsera nyumba ndi kumuthamangitsa.

Mishoni ya Chilembwe inali pafupi ndi malo aakulu a A. L. Bruce Estates ku Magomero, amene ankayang'aniridwa ndi William Jervis Livingstone. Kumeneko thangata anafika poipa kuposa kwina konse: antchito ankakwapulidwa, ena ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama, ngakhale amayi amasiye ankakakamizidwa kugwira. Ambiri mwa anthuwa anali akhristu a PIM. Atamanga timatchalitchi ta udzu pa esitetiyo, Livingstone anatitentha, ponena kuti salola sukulu kapena tchalitchi pa malo a kampani. Mbusa aliyense amene wakhalapo pa khonde kumvetsera madandaulo a nkhosa zake Lamulungu masana akhoza kulingalira zimene Chilembwe ankamva sabata ndi sabata.

Nkhondo ya 1914 inathira mafuta pamoto. Mu Seputembala asilikali akuda anafa pa nkhondo ya ku Karonga pomenyana ndi Majeremani, ndipo boma linayamba kutenga amuna ambiri kukhala amtengatenga. Mu Novembala Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti pa nthawi ya mtendere munthu wakuda amayesedwa wopanda pake, koma nkhondo ikabuka amaitanidwa kukhetsa magazi pa mkangano umene si wake, n'kusiya amasiye ndi ana oti adzalipirabe msonkho. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe. Imeneyo inali nthawi yomaliza imene iye anayesa kulankhula ndi cholembera.

Masiku khumi ndi awiri

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 magulu a anthu ake ananyamuka ku Mbombwe. Ku Magomero anapha Livingstone namudula mutu, anaphanso Duncan MacCormick, ndipo ku Mwanje anapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azunguwo anatengedwa koma sanapwetekedwe, ndipo anamasulidwa patapita masiku ochepa, pakuti Chilembwe anali atalamula kuti asakhudzidwe. Gulu lina linapita ku Mandala mu Blantyre kukalanda mfuti, koma linangopeza zochepa. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama sanathe kuchita zimene anapangana. Mafumu ambiri sanalowe nawo. Mmawa wa Lamulungu Chilembwe anachititsa mapemphero mutu wa Livingstone uli poonekera. Chinthu chimenechi sitingachikometse, ndipo sitiyenera kuchibisa kwa ana athu.

Pa 26 Januwale gulu lina linafika ku Nguludi, mishoni ya ansembe a chipani cha Montfort imene inatsegulidwa mu 1903. Nyumba za mishoni zinatenthedwa ndipo Bambo Swelsen anavulazidwa koopsa, ngakhale anadzachira. Chifukwa chiyani Nguludi? Sukulu za Akatolika ndi za PIM zinkalimbirana midzi yomweyo ya ku Chiradzulu, ndipo m'masiku amenewo, Msonkhano wa Vatican Wachiwiri usanatiphunzitse kutchula akhristu ena kuti abale, mpikisanowo unali wowawa mbali zonse. Kuwonjezera apo, mu 1914 mphunzitsi wina wa Chikatolika anamva mphekesera za chiwembu nauza ansembe, ndipo nkhaniyo inafika ku boma. Mphunzitsiyo sitimuweruza, pakuti womva kuti anthu aphedwa ali ndi udindo wochenjeza. Koma kwa anthu a ku Mbombwe, Nguludi inaoneka ngati khutu la atsamunda.

Asilikali a boma atafika ku Mbombwe anapeza anthu atabalalika, ndipo tchalitchi chachikulu chija anachiphwasula ndi mabomba. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa ndi apolisi akuda m'dera la Mulanje akulowera ku malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa atazengedwa milandu mofulumira, pakati pawo John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, amuna ophunzira ndi opeza bwino amene akanatha kungokhala chete n'kumadya zawo. Ena pafupifupi 300 anaikidwa m'ndende, ndipo enanso anangowomberedwa m'tchire popanda mlandu uliwonse. Bungwe limene boma linakhazikitsa kuti lifufuze nkhaniyi linavomereza kuti pa esiteti ya Bruce panali nkhanza, koma mlandu waukulu linaukankhira kwa Livingstone amene anali atafa kale ndi ku maphunziro a mishoni zina, ndipo mchitidwe wa thangata unasiyidwa uli chilili.

Kodi tinene chiyani ife Akatolika?

Mpingo uli ndi muyeso woyezera nkhani zotere, ndipo makatekisiti akhoza kuupeza mu Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa nambala 2243. Kutenga zida polimbana ndi olamulira kumaloledwa pokhapokha ngati ufulu wachibadwidwe ukuponderezedwa motsimikizika, koopsa ndi kwa nthawi yaitali. Ngati njira zina zonse zayesedwa. Ngati kuukirako sikubweretsa chisokonezo choposa. Ngati pali chiyembekezo chomveka cha kupambana. Ndiponso ngati palibe njira ina yabwino imene ikuoneka. Zonsezi ziyenera kukhalapo pamodzi. Pa mfundo yoyamba palibe wokayika. Pa yachiwiri tikhoza kumumvera chisoni, pakuti munthu wakuda analibe voti, analibe mpando mu nyumba ya malamulo ku Zomba, ndipo kalata yake inatsekerezedwa. Koma chiyembekezo cha kupambana panalibe, ndipo George Mwase, amene analemba mbiriyi atamva kwa ena mwa otsalawo, akuonetsa kuti Chilembwe mwiniwake ankadziwa kuti akupita kukafa, cholinga chili chakuti imfa yawo idzutse atsamunda. Choncho njira yake sitingaivomereze, ndipo kupha anthu m'nyumba zawo usiku ndi kutentha nyumba ya Mulungu ndi machimo, kaya wochitayo ndani. Mbusa wina wa Baptist, Martin Luther King, anadzaonetsa ku America komweko m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kuti chisalungamo chikhoza kugwetsedwa popanda mkondo, ngakhale nayenso analipira ndi moyo wake mu 1968.

Koma tikaima pamenepo ndiye kuti taweruza ndi diso limodzi. Katekisimu yemweyo, pa nambala 1867, amatchula kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo amene amafuulira kumwamba, mogwirizana ndi kalata ya Yakobe Woyera mutu 5. Nkhani ya munda wamphesa wa Naboti mu 1 Mafumu 21 timaiwerenga pa Misa, ndipo tikudziwa mbali imene mneneri Eliya anaima. Madandaulo a Chilembwe anali oona, ndipo iye anawanena pa nthawi imene atsogoleri ambiri a mipingo, athu omwe, anali chete kapena ankalankhula monong'ona.

Pano pali chinthu chimene chimatipweteka kuchinena. Kuukira kutatha, boma ndi eni maesiteti anayamba kukayikira mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda ngakhalenso mishoni ya Chisikoti ya ku Blantyre, pamene Akatolika ankaonedwa ngati ophunzitsa kumvera. Zitseko zimene zinatsekedwa kwa ena zinatseguka kwa ife, ndipo m'zaka zotsatira, pansi pa Ambuye Louis Auneau, Alhomwe ambirimbiri analowa mu Mpingo. Sitikukayika chikhulupiriro cha agogo athu amenewo, kapena kudzipereka kwa ansembe ndi asisiteri amene anawaphunzitsa ndi kuwachiza, ena mpaka kuikidwa m'manda kuno. Tikungoti kukula kwa Mpingo kumapiri a Shire kunadutsa pa khomo limene linatseguka chifukwa cha kugonja kwa anthu a ku Mbombwe, ndipo wolandira cholowa amalandira ndi ngongole zake.

Thyolo pambuyo pa Chilembwe

Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Thyolo anafalikira kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Tiyi amafuna manja ambiri, makamaka nyengo ya mvula pamene masamba amaphuka msanga, ndiye kuti thangata anapeza ntchito yatsopano. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa maesiteti linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, koma linapatsanso eni malo mphamvu zothamangitsa anthu ndi zokaniza mwamuna wochokera kunja kudzamanga kwa mkazi wake. Tiganizire tanthauzo la zimenezi pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja, amene mwambo wawo ndi wa chikamwini. Mtsikana wobadwira pa esiteti akafuna kukwatiwa, mawu omaliza sanali a mwinimbumba koma a bwana wa kampani. Thangata analowerera mpaka m'sakramenti la ukwati.

Mu 1946 Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza za malo, analangiza boma kuti ligule malo osalimidwa a maesiteti ndi kukhazikapo anthu. Ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono, njala ya 1949 inadutsa, ndipo mu 1953 lendi itakwezedwa, pa nthawi yomwe Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakakamizidwa pa anthu osachifuna, Thyolo inaphulika. Chipolowe chinayamba mu Ogasiti pa esiteti ina ya kufupi ndi Luchenza, pa nkhani yooneka yaing'ono ya anthu ogwidwa akuba malalanje, koma chinafalikira msanga: anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a lamya, anakana kugwira ntchito. Chisanathe, m'chigawo cha kummwera munafa anthu 11 ndipo ena ambiri anavulala. Zitatha izi boma linafulumira kugula malo, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, patapita zaka 47 kuchokera pa imfa ya Chilembwe. Alipo agogo m'maparishi athu amene anabadwa goli limeneli lisanachoke, ndipo ndi bwino achinyamata akawafunse adakali moyo.

Ufulu wa 1964 sunabweze nthaka yonse. Maesiteti a tiyi anatsala, ndipo tinene chilungamo, amalemba ntchito anthu zikwizikwi, amabweretsa ndalama zakunja, ndipo ena amathandiza ndi zipatala ndi sukulu. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo lokha, ndipo aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Makwasa amaona yekha: uku tiyi wobiriwira wofika kumene maso alekezera, uko nyumba zothithikana ndi timinda ta chimanga tokwera m'zitunda zimene siziyenera kulimidwa n'komwe. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo a ku Thyolo ndi Mulanje, kupita ku maboma monga Machinga ndi Mangochi. Inathandiza amene anapitawo, koma otsala ndiwo ochuluka, ndipo mikangano ya anthu olowerera malo a maesiteti yakhala ikubuka kawirikawiri.

Mpingo wathu unadzalankhula momveka pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, inawerengedwa m'matchalitchi onse. Anthu amaikumbukira chifukwa cha ndale, koma ena amaiwala kuti inadandaulanso za malipiro ochepa a antchito ndi mpata waukulu pakati pa olemera ndi osauka. Maepiskopi anaopsezedwa, Monsinyolo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo mu Meyi chaka chomwecho sitalaka imene inayamba m'mafakitale a ku Blantyre inafika mpaka m'minda ya tiyi. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Sitikunena kuti maepiskopi ankatsanzira Chilembwe, pakuti iwo anakana chiwawa kotheratu. Komabe onsewa analemba kalata ponena zimene anthu wamba ankaopa kunena, ndipo kalata ya 1992 inafika m'makutu a anthu pamene ya 1914 inafera m'manja mwa boma.

Kuyambira pamenepo zina zasintha. Mu 2016 bungwe la antchito a m'minda linasainirana kwa nthawi yoyamba pangano la malipiro ndi bungwe la eni maesiteti la Tea Association of Malawi, chinthu chimene Rerum Novarum inachitcha ufulu wa antchito zaka 125 m'mbuyomo. Mu 2021 kampani ina ya ku Britain inavomera kulipira amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya kuno, amene anakadandaula ku khoti la ku London kuti ankachitidwa nkhanza zogonana, ngakhale kampaniyo sinavomere kuti inalakwa. Nkhani yotereyi ikutikumbutsa kuti mphamvu za kapitawo pa tikiti ya munthu wosauka sizinathe mu 1962. Mayi wa ganyu ya nyengo amene akuopa kuti dzina lake silidzalembedwanso dzinja likudzali amapirira zambiri osanena, ndipo kawirikawiri woyamba kumva ndi katekisiti kapena mayi wa mphakati. Apa ndi pamene makomiti a Chilungamo ndi Mtendere a m'maparishi ayenera kukhala ndi anthu odziwa malamulo a ntchito, odziwa kumene kuli ofesi ya zantchito pa boma, ndiponso osunga chinsinsi. Tisaiwalenso kuti akapitawo ndi mamanejala ambiri lero ndi akhristu anzathu, okhala nafe pa benchi limodzi ndi kulandira nafe Ukaristia umodzi, ndipo chiphunzitsochi chiyenera kuwafika iwonso.

Nanga funso lija la makatekisiti? Ife tikuona kuti Mkatolika akhoza kukumbukira Chilembwe pa 15 Januwale ndi mtima woyera, osati ngati woyera wa pa guwa, koma ngati mbale wobatizidwa amene anaona chisalungamo nachitchula dzina, namanga sukulu kwa zaka khumi ndi zinayi, kenaka nagwa m'tchimo la magazi pamene anataya chiyembekezo. Pomupempherera iye tipempherere limodzi Livingstone, MacCormick ndi Ferguson, ndi anthu osatchulidwa maina amene anafera m'minda ya thonje ndi m'tchire la Chiradzulu.

Mishoni ya PIM inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dokotala Daniel Malikebu, amene anali mwana wa sukulu ya Chilembwe asanakaphunzire udokotala ku America, ndipo ilipo mpaka lero ku Mbombwe, pafupi ndi mabwinja a tchalitchi chakale. Nguludi nayo inamangidwanso. Kuyambira 2022 mpaka 2024 chiboliboli cha Chilembwe, chopangidwa ndi Mmalawi Samson Kambalu, chinaima pa bwalo la Trafalgar Square pakati pa mzinda wa London, iye atavala chipewa chake pambali pa mmishonale mnzake John Chorley. Thupi lake atsamunda analiika mwachinsinsi m'boma la Mulanje, m'manda opanda chizindikiro, poopa kuti anthu angamapiteko.